Mooli wa ku India: kodi m'makomo amamuphika bwanji?

Nachisale (Jalandhar): Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso la kukhitchini. Kuno ku Punjab kwayamba kuzizira, ndipo msika wadzaza ndi radishi woyera wamtali uja, amene eni ake amati mooli. Amamugulitsa ndi masamba ake omwe, pamtengo wotsika zedi. Ine radishi ndinkangodziwa wofiira wa timibulu uja wa mu saladi. Kodi uyu amaphikidwa bwanji? Sindikufuna za kuhotela ayi, ndikufuna zimene mayi wa kuno amaphikira ana ake tsiku wamba. Fungo lakenso likundidetsa nkhawa, chifukwa khitchini timaphikamo anthu ambiri.

Amake Tadala (Leicester): Nachisale mwana wanga, uli pamalo pake penipeni. Ku Punjab ndiye kwawo kwa mooli paratha, chapati choikamo mooli m'kati, chakudya cha m'mawa cha nyengo yozizira. Ine anandiphunzitsa mayi wina wa ku Ludhiana, ku Punjab komweko, amene tinkagwira naye ntchito kuno, ndipo choyamba chimene anandiuza chinali cha madzi, zokometsera zinabwera pambuyo. Mooli ndi madzi okhaokha, pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse. Ukadziwa pomuchotsera madzi ndi pomusiyira madzi, basi wamutha.

Tenga mooli awiri olemera theka la kilo onse pamodzi. Masamba udule uike padera, usataye. Pala khungu mopepuka, umukweche pa gireta, mbali ya mabowo aakulu. Thira theka la supuni ya tiyi ya mchere, usakanize, usiye mphindi 10 kapena 15. Pobwerera upeza madzi atadikha pansi pa mbale. Tapa ndi manja ufinye mwamphamvu, kapena umukulunge m'kansalu koyera n'kupotokola. Madzi otulukawo ndiwo ukandire ufa, makapu awiri a atta, ufa wa tirigu wa chapati uja. Akachepa uonjezere madzi wamba pang'ono. Ufa wokandawo ukhale wofewa, uuvundikire upume mphindi 20.

Mooli wofinya uja usakanize ndi tsabola wobiriwira woduladula, jinja wokwecha, masamba a dhania (coriander), ndi timbewu tonunkhira ta ajwain (carom) theka la supuni ya tiyi, utatitikita kaye m'manja. Ena amathiramo amchur, ufa wa mango aawisi oumitsa, kuti muziwawasa pang'ono. Mchere wina usathire mpaka nthawi yoika m'kati yakwana, apo ayi ayambanso kutulutsa madzi.

Nachisale (Jalandhar): Zikomo amayi. Nanga poika m'katimo amatani kuti isang'ambike? Ndawaona amayi a nyumba yoyandikana nafe akupinda ufa mofulumira kwambiri, maso sanathe kutsatira.

Amake Tadala (Leicester): Njira zilipo ziwiri. Ozolowera amatambasula ufa pang'ono, amaika mooli pakati, amasonkhanitsa m'mbali monse n'kutseka pamwamba, kenako amatambasulanso pang'onopang'ono. Iwe yamba ndi yachiwiri. Panga tichapati tiwiri topyapyala tofanana kukula. Pa kamodzi yala mooli supuni zazikulu zitatu, koma m'mphepete usiye malo okwana chala. Vundikira ndi kachiwiri, utsine m'mbali mozungulira, uwaze ufa wouma pamwamba, upititsepo kamtengo ka chapati kaja kawiri kapena katatu mopanda kukanikiza. Chiwaya chikhale chitatentha kale. Ukamaliza kutseka imodzi, yomweyo ipite pamoto. Usapange zisanu n'kuzisanja zikudikira, mchere umakoka madzi ndipo ufa umanyowa kuchokera m'kati.

Pachiwaya iyambe youma. Ikaonetsa timadontho tofiirira pansi, tembenuza, upake ghee, batala woyenga uja, kapena mafuta, utembenuzenso, uzikanikiza m'mbali ndi supuni chifukwa m'mbalimo ndimo mumachedwa kupsa. Eni ake amadyera batala woyera wa pakhomo, yogati wopanda shuga ndi achar. Idye yotentha. Ukaitsekera m'bokosi kupita nayo m'kalasi, ndi pamene fungo lija limakula.

Madala a ku Limbe: Ana anga, ndiloleni ndilowepo. Ine ndakalambira pa ntchito ya ukhukhi m'nyumba ya banja la Amwenye a ku Gujarat kuno ku Limbe, ndipo radishi ameneyu ndamugwira kwambiri. Amake Tadala afotokoza bwino, koma kwa mwana wongoyamba kumene ine ndikanati ayambe wamukazinga kaye mooli wokwechayo. Mafuta supuni imodzi m'chiwaya, mooli wofinya, mphindi zitatu kapena zinayi mpaka nthunzi ichepe, kenako supuni imodzi ya besan, ufa wa tchana uja. Besan amamwa madzi otsala. Zikazizira mutha kuika m'kati popanda mantha, ndipo fungo limakhala litachepa kale.

Komanso Agujarati sachita kuvutika ndi zoika m'kati. Amangomukwechera mu ufa momwemo, pamodzi ndi turmeric, tsabola, chitowe, mafuta pang'ono ndi yogati, n'kukanda osathira madzi n'komwe, chifukwa madzi a mooli amakwana. Akatambasula mopyapyala n'kuotcha pachiwaya, imeneyo ndi thepla. Akaumba timitanda titalititali, n'kuphika ndi nthunzi mphindi 20, n'kuduladula, n'kukazinga ndi mbewu za mpiru ndi chitowe, imeneyo ndi muthia. Gogo wa m'nyumbamo ankaima pambali panga ndikamakanda, dzanja lake lili pa jagi ya madzi kuti ndisaikhudze. Ankati dikira, ufa ufewa wokha. Pakapita mphindi zochepa, ufa umene umaoneka wouma uja unkayamba kugwirana m'manja. Chofunika n'kuotcha mwamsanga mukangokanda, chifukwa ukakhalitsa umamata.

Amake Tadala (Leicester): Madala, pa thepla ndi muthia ndilibe mawu, inu ndinu eni ake. Koma zokazinga kaye za m'kati mwa paratha, pamenepo mundikhululukire, sindikugwirizana nazo. Kukoma kwa mooli paratha ndi kaukali kaja kamene kamakulasa m'mphuno ukaluma, ndi kukhuthyuka kwa mooli amene wangopsa ndi nthunzi ya m'kati. Mukamukazinga kaye amafooka, amangokoma tseketseke. Wofinya bwino safuna besan. Mwanayu aphunzire kufinya, manja ali nawo.

Madala a ku Limbe: Ndamva amayi. Ayese zonse ziwiri, pakamwa pake padzaweruza. Koma mooli akakhala wokhwima, waukali wopitirira, kukazinga kumathandiza ndithu.

Asisi a ku Zomba: Nonse awiri mukunena zoona, ndipo chifukwa chake n'chimodzi. Radishi ndi wa banja limodzi ndi mpiru, repu, tchayinizi ndi kabichi. Akakhala wathunthu alibe ukali kwenikweni. Mukamudula kapena kumukwecha, zinthu ziwiri zimene zimakhala motalikirana m'kati mwake zimakumana, n'kupanga mankhwala okhala ndi sulfure otchedwa isothiocyanate. Amenewo ndiwo amalasa m'mphuno. Amauluka msanga, ndipo moto umapha enzyme imene imawapanga, yomwe ndi chimodzi mwa zinthu ziwiri zija. N'chifukwa chake mooli wokwecha akakhala kanthawi pambale ukali umatsika, ndipo wophika amatsekemera. Fungo la pophika nalonso ndi la sulfure yemweyo. Ndiye Nachisale, za khitchini yanu ya anthu ambiriyo: mukamamuphika wa ndiwo, muyambe mwamukazinga m'mafuta poto ali wosavundikira, fungo lituluke pachiyambi pomwe. Kumuponya m'madzi ozizira n'kuvundikira ndiko kumadzaza nyumba.

Chinanso, kunsonga kwa muzu kumakhala kwaukali kuposa kumtunda kwa pafupi ndi masamba. Kumtundako kudyeni kwakuwisi, kunsongako muphike.

Nachisale (Jalandhar): Asisi mwandimasula. Dzulo amayi oyandikana nafe aja anandiitana kuti tidye limodzi. Anapakula makki di roti, chapati cha ufa wa chimanga chachikasu, ndi sarson da saag, ndiwo za mpiru zophika mpaka kusungunuka. Pambali panali kambale ka mooli wamuwisi wodula mizeremizere, wothira mchere ndi ndimu. Aliyense amati akatapa saag kawiri katatu, n'kuluma mooli. Ndaona kuti amatsuka m'kamwa mukatha kudya batala wambiri uja. Nanga masamba aja mwati ndisataye, ndichite nawo chiyani?

Madala a ku Limbe: Masambawo ndiye ndiwo zenizeni mwana wanga. Kumpoto kwa India amati mooli ki sabzi, ena amati bhurji. Sankha masamba anthete, achikasu ndi okhwima utaye. Tsuka kangapo m'beseni, chifukwa amasunga mchenga m'mapesi. Duladula bwinobwino. Muzu umodzi uudule timabokosi ting'onoting'ono. Tenthetsa mafuta supuni ziwiri, uponyemo ajwain, hing (asafoetida, ufa wa utomoni wa fungo lamphamvu) wotsina ndi zala ziwiri, tsabola wobiriwira, adyo ngati umamukonda. Ika muzu uja poyamba ndi turmeric pang'ono, ukazinge mphindi zitatu. Kenako masamba ndi mchere. Madzi ngakhale dontho usathire. Vundikira pamoto wochepa mphindi 8 kapena 10, masamba atulutsa madzi awoawo. Ukatero vundukula, ukweze moto, utakase mpaka madzi onse aphwe, mafuta ayambe kunyezimira pamasamba. Pomaliza amchur kapena ndimu.

Ndiwo zimenezi sizifuna tomato, sizifuna anyezi wambiri, sizifuna garam masala. Anthu ambiri akamva zoti chakudya cha Amwenye amaganiza kuti zokometsera zikhale khumi. M'nyumba sizitero. Ndiwo za tsiku ndi tsiku zimakhala ndi zokometsera zitatu kapena zinayi basi, ndipo mumamva kukoma kwa masambawo. Mchere uthire mosamala, mulu waukulu wa masamba umatsika n'kukhala kambale kamodzi.

Asisi a ku Zomba: Ndiwonjezere apo: kashiamu, ayironi ndi vitamini A zimapezeka zambiri m'masambamo kuposa mu muzu. Muzu uli ndi vitamini C, pafupifupi mamiligalamu 20 pa magalamu 100 a mooli wamuwisi, koma amachepa mukaphika. Ogula mooli n'kusiya masamba pamsika amasiya gawo labwino.

Nangozo (Chennai): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndiyankhuleko za kuno kumwera, chifukwa zonse mwanenazi n'za kumpoto ndi kumadzulo. Kuno ku Tamil Nadu amamutcha mullangi, ndipo samufinya ayi. Madzi ake amawafuna alowe mumsuzi. Mullangi sambar ndi ndiwo za masana za m'nyumba zambiri, zodyera mpunga, ndipo alipo ambiri amene amati sambar wokoma kuposa onse ndi wa radishi ameneyu.

Theka la kapu ya toor dal muwiritse ndi turmeric pang'ono mpaka afewe kotheratu, mumupukuse asalale. Bwemba magalamu 20 kapena 25 mumuviike m'madzi ofunda, mufinye, musefe. Mullangi mmodzi wamkulu mumudule mozungulira, mopyapyala. Mu poto muike mafuta a chitowe, anyezi wamng'ono wofiira uja wosenda wathunthu, kenako mullangi. Mukazinge mpaka ayambe kuonekera kuwala m'mbali. Pamenepo fungo loipa lapita. Thirani madzi kapu imodzi, tomato mmodzi, mchere, zifewe. Kenako madzi a bwemba ndi ufa wa sambar supuni yaikulu imodzi ndi theka, ziwire mpaka fungo la bwemba wamuwisi lithe. Mukatero thiranimo dal uja, ziwirenso mphindi zisanu.

Chomaliza ndicho chimene sambar sangakhale sambar popanda icho. M'kachiwaya kakang'ono mutenthetse mafuta, muponyemo mbewu za mpiru. Dikirani zithetheke, musafulumire, zosathetheka zimawawa. Kenako timbewu ta methi (fenugreek) tochepa, tsabola wofiira wouma, hing, ndi masamba a curry. Zonsezo zili chithethekere muzikhuthulire mu poto n'kuvundikira nthawi yomweyo. Mukadzavundukula patebulo mudzamva chifukwa chake.

Apongozi a mnzanga wa kuno amaphika mullangi m'madzi a bwemba kuyambira pachiyambi, amati ndi momwe kuwawasa kumalowera mpaka m'kati. Ine ndimayamba ndamufewetsa, chifukwa zowawasa zimachedwetsa ndiwo kufewa. Pa radishi mutha kusankha. Koma dal yekha musayerekeze kumuphika pamodzi ndi bwemba, safewa.

Abambo a Chikondi (Phalombe): Amayi a ku Chennai, toor dal mukunenayo si nandolo yemweyu timalima kunoyu?

Nangozo (Chennai): Yemweyo achimwene. Nandolo wochotsa khungu n'kugawa pakati.

Abambo a Chikondi (Phalombe): Ndiye nkhaniyi yandikhudza. Ife kuno ku Phalombe, Mulanje, Chiradzulu mpaka ku Zomba timalima nandolo wochuluka, ndipo wambiri amapita ku India komweko. Mu 2017, India itachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwake, mitengo inagwa kuno, matumba anangodzaza m'nyumba. Mu 2021 maboma awiriwa anasainirana pangano loti India izigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Koma ife olima sitidziwa kuti akafika uko amamuphika bwanji. Bwemba nayenso amangoyoyoka m'mitengo ku chigwa cha Shire uko. Ndiye kuti zipangizo zazikulu za sambar tili nazo kale. Funso langa: nandolo wathu wathunthuyu ndingamusandutse bwanji dal pakhomo?

Madala a ku Limbe: Abambo a Chikondi, ngati akazi anu amaphika chipere, ntchitoyo akuidziwa kale. Viikani nandolo wouma m'madzi usiku wonse, mumuyanike padzuwa aumenso gwa, masiku awiri kapena atatu. Kunyowa ndi kuuma kumeneko kumalekanitsa khungu ndi njere. Kenako mumupere mopepuka pamphero, kapena mumukonole pang'onopang'ono mumtondo, mupete palichero. Khungu limauluka, njere zimagawika pakati. Ku India m'midzi ena amamupaka mafuta pang'ono asanayanike, ena dothi lofiira, cholinga chake n'chomwecho. Wa pakhomoyo amakoma kuposa wa m'paketi, koma muyambe mwamuviika mphindi 30 musanaphike.

Nangozo (Chennai): Ufa wa sambar nawonso mutha kupanga nokha mukapeza mbewu m'masitolo a Amwenye ku Limbe kapena ku Lilongwe. Mbewu za dhania supuni zazikulu zinayi, tchana wogawa supuni imodzi, nandolo wogawa supuni imodzi, methi theka la supuni ya tiyi, jeera (cumin) ndi tsabola wakuda pang'ono, tsabola wofiira wouma monga mwa mphamvu zanu. Chilichonse mukazinge pachokha popanda mafuta, zizizire, musinje pamodzi ndi turmeric. Methi musapyoze muyeso, amawawa. Kambuzi ndi waukali kwambiri kuposa tsabola amene amagwiritsa ntchito kuno, ndiye muchepetse.

Achimwene a ku Joni: Ine ndine wa atchar basi. Kuno ku Fordsburg mooli amapezeka m'masitolo a ndiwo a Amwenye ndi Apakistani. Alipo amene akudziwa kapangidwe ka atchar wake? Wa mango ndimapanga, wa radishi sindinaonepo akupanga.

Amake Tadala (Leicester): Ndi wosavuta kuposa wa mango achimwene, koma sakhalitsa chaka ngati wa mango. Dulani mooli theka la kilo mizere yotalika ngati chala. Muwaze mchere, musiye ola limodzi, mutaye madziwo, muyanike pansalu padzuwa maola atatu kapena anayi mpaka kunja kuume, aziti mukapinda osathyoka. Apanso nkhani ndi madzi, mukamuika wonyowa amachita nkhungu. Sakanizani ndi mbewu za mpiru zosinja supuni zazikulu ziwiri, turmeric, tsabola wofiira, mchere, ajwain pang'ono, ndi mafuta supuni zinayi amene mwawatenthetsa n'kuwaziziritsa. Muike m'botolo lagalasi louma, padzuwa masiku atatu kapena anayi, muzikhutchumula tsiku lililonse. Kuwawasa kwake kumabwera kokha kuchokera ku mbewu za mpiru zija zikamasasa, viniga safunika. Akawawasa mmene mukufunira, mufiriji, mudye m'masabata awiri kapena atatu. Potapa supuni izikhala youma.

Eni ake amagwiritsa ntchito mafuta a mpiru, ndipo amawatenthetsa mpaka atuluke utsi kuti ukali uchepe. Kuno ku Britain mabotolo ambiri a mafuta a mpiru osasakaniza amalembedwa kuti ndi odzola okha, chifukwa cha malamulo okhudza erucic acid amene amapezeka m'mafutamo. Pali ena osakaniza ndi mafuta ena amene amaloledwa kudya, pa Belgrave Road kuno ku Leicester amapezeka. Mukasowa, mafuta a mpendadzuwa amagwira ntchito, mungoonjezera mbewu za mpiru pang'ono.

Achimwene a ku Joni: Zikomo amayi, dzuwa kuno ndiye silisowa. Loweruka ndiyamba.

Nachisale (Jalandhar): Mnzanga wa m'kalasi wa ku Srinagar wandiona ndikulemba izi, akuti musaiwale ku Kashmir. Kwawo amapanga muji chetin: mooli wokwecha, wothira mchere n'kufinya, wosakaniza ndi yogati, tsabola wobiriwira ndi mtedza wa walnut wosinja. Akutinso amaphika nsomba ndi mooli, amati muji gaad. Nsomba amayamba aikazinga payokha, mooli wodula zibenthu zazikulu nayenso payekha mpaka afiirire, kenako zimakumana mumsuzi wa tsabola wofiira wa ku Kashmir, ufa wa saunf (fennel) ndi ufa wa jinja wouma. Akuti imakoma kwambiri ikagona.

Amake Tadala (Leicester): Nsomba ndi radishi zimayenderana ndithu, ku Bengal nakonso amatero. Amene ali kumudzi atha kuyesa ndi kampango kapena mlamba, nsomba za mnofu wolimba zosaphwanyika mumsuzi. Mooli amamwa msuzi wa nsombayo, ndipo mupeza ana akulimbirana zibenthu za mooli kusiya nsomba.

Madala a ku Limbe: Za walnut zisakudetseni nkhawa a kumudzi. Ku Maharashtra saladi yawo ya radishi, imene amati koshimbir, amathira mtedza wathu womwewu, wokazinga n'kusinja. Mooli wokwecha wofinya pang'ono, nsinjiro za mtedza wokazinga supuni ziwiri, yogati, tsabola, mchere, kashuga kotsina, dhania, ndi mafuta otentha a jeera pamwamba. Ine popanda yogati ndinkathira chambiko, ndipo palibe anadandaulapo. Mungochisefa kaye pakansalu kuti chilimbe.

Nangozo (Chennai): Asisi a ku Zomba, pali china ndimachimva kawirikawiri kuno. Akuti radishi sayenera kudyedwa pamodzi ndi mkaka, ndipo ena safuna kumudya usiku. Mungatiuzepo chiyani?

Asisi a ku Zomba: Za mkakazo n'zochokera m'chiphunzitso cha Ayurveda, cha mankhwala a makolo a ku India, chimene chimatchula zakudya zina kuti siziyenderana, ndipo radishi ndi mkaka zili m'gulu limenelo. Mukakhala m'nyumba ya anthu otsatira zimenezo, lemekezani mwambo wawo, musawapatse tiyi wamkaka pamodzi ndi mooli. Muonanso kuti a chipembedzo cha Jain sadya mizu ya pansi pa nthaka, radishi, anyezi, adyo ndi mbatata zomwe, ndiye mlendo wotero mufunseni musanaphike. Zimene anthu ambiri amadandaula ndi kugeya ndi mpweya m'mimba. Zimenezo zimachitika ndi ndiwo zonse za banja la kabichi, makamaka zaziwisi, ndipo n'chifukwa chake ambiri amakonda kumudya masana osati pokagona. Ajwain ndi hing amene Madala akhala akutchula aja, eni ake amawaika ndi cholinga chomwecho chothandiza m'mimba. Amene mimba yake imavuta ayambe ndi wophika, pang'ono.

Abambo a Chikondi (Phalombe): Funso lomaliza kwa ine. Woyera wamtaliyu kuno saoneka pamsika, koma mbewu ya wofiira wamng'ono ija imapezeka m'masitolo a zaulimi. Kodi angalowe m'malo? Ndipo ndikapeza mbewu ya woyerayo, m'dimba mwanga angachite bwino?

Nangozo (Chennai): Mu sambar wofiira amalowa bwinobwino. Amapsa msanga, ndipo mtundu wofiirawo umasuluka mumsuzi. Wa paratha ndiye ntchito imakula, timibulu tambiri tokwecha kuti mupeze kapu imodzi.

Madala a ku Limbe: Angachite bwino abambo. Ife tinkalima kuseri kwa nyumba, ndipo nyengo yake ndi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Julaye. Nthaka ikhale yofewa, yogaula mwakuya, yopanda miyala, apo ayi muzu umapindika kapena kuchita mphanda. Manyowa akhale owolerana. Mufese pamalo pomwepo, radishi safuna kuwokera. Akamera mupatulire, pakati pa mbewu pakhale masentimita 8 kapena 10, ndipo timene mwazulato ndi ndiwo kale. Kuthirira kusadukize. Akamva ludzu kapena kutentha amakhala waukali, m'kati mumauma n'kuchita timabowo. Wofiira wamng'ono amakhwima m'masiku 25 mpaka 30, woyera wamtali masiku 45 mpaka 60. Ku Phalombe n'kotentherapo kuposa kuno, ndiye mukapeza mtundu wotchedwa Pusa Chetki mutenge umenewo. Unatulutsidwa ndi Indian Agricultural Research Institute ya ku New Delhi kuti uzipirira kutentha, ndipo umakhwima m'masiku 40 mpaka 45.

Pogula kapena pozula, tengani wolemera m'manja, wa khungu losalala, masamba ali obiriwira. Wopepuka ndiye kuti m'kati mwauma. Mukafika naye kunyumba dulani masamba nthawi yomweyo, chifukwa amapitiriza kukoka madzi kuchokera mu muzu.

Abambo a Chikondi (Phalombe): Nanga akapitirira, n'kutulutsa maluwa? Repu akatero timangozula.

Madala a ku Limbe: Musazule onse. Maluwa akayoyoka pamabwera tizitheba tobiriwira, ndipo timeneto timadyedwa. Agujarati amati mogri, ku Punjab amati moongre. Pali mtundu wina umene amaulimira zitheba zokhazo, zazitali, zina zofiirira, koma za radishi wamba nazonso zimadyeka zikakhala zanthete. Muthyole zisanakhwime, zoti mukapinda zimathyoka. Muchotse kunsonga, mudule pakati, mukazinge ndi jeera, turmeric, tsabola ndi mbatatesi yodula ting'onoting'ono. Mbatatesi iyambe, chifukwa zithebazo zimapsa m'mphindi zisanu zokha. Mitengo iwiri kapena itatu muisiye zitheba ziumire pomwepo, mupeze mbewu ya chaka chamawa, koma pafupi pasakhale radishi wa mtundu wina wochita maluwa nthawi yomweyo, chifukwa njuchi zimasakaniza.